Chokhwachira, kanthu kamene kamapatsa nsambo mawu

Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri la Mulanje mbali yoyang'ana ku Mozambique, mnyamata akafuna banjo sadikira kuti adzaipeza m'sitolo. Amafunafuna chitini cha mafuta kapena poto wakutha, amasema khosi lake kuchokera ku thabwa, amapempha chikopa cha mbuzi kwa opha nyama pamsika n'kuchikunga ngati ng'oma. Nsambo amasomola ku waya wa buleki ya njinga, ndipo m'boma la Phalombe njinga si chinthu chosowa. Ntchito yonseyi imadya masiku ambiri, ndipo amaigwira modekha, kuyeza apa, kupala apo. Koma akafika pa kanthu komaliza, kamene kadzakhala pakati pa dzanja lake ndi nsambo nthawi iliyonse akamaimba, kudekha kuja kumatha. Amatola kachidutswa ka chigubu chosweka, kucheka kawiri katatu ndi mpeni, basi nyimbo yayamba. Kakatayika amatola kena. Mawu akamatuluka ofooka, amadandaula chikopa, kapena nsambo, kapena zala zake.

Nthawi zambiri mlandu umakhala wa kanthu kameneka. Oimba a m'tauni amakatchula kuti piki. Ine ndikatchula chokhwachira, potsata mawu a oimba bangwe amene amati kukhwacha ponena za kumenya nsambo zonse ndi dzanja limodzi pamene zala za dzanja linalo zikutseka nsambo zosafunika. Nsambo payokha siilira. Imalira malinga ndi mmene yakokedwera ndi mmene yasiyidwira, ndipo zonse ziwirizi zimachitikira pansonga ya chokhwachira, malo ochepa kuposa njere ya mpunga.

Amene anaiganizira kwambiri nkhaniyi ndi oimba mandolini, choimbira chimene ambiri kuno sitinachigwirepo. Kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi banjo zathu zazing'ono. Nsambo zake n'zazifupi, pafupifupi masentimita 35, pamene za gitala zimafika 65. Zilipo zisanu ndi zitatu, zachitsulo, zoyenda ziwiriziwiri, ndipo ziwiri zilizonse zimachunidwa liwu limodzi motsata machunidwe a vayolini. Mtundu umene unafala padziko unakhwimira mumzinda wa Naples ku Italy m'zaka za m'ma 1700, m'manja mwa mabanja a amisiri monga la Vinaccia. Nsambo zazifupi zokungika choncho zimauma gwa, chala sichingazikoke bwino, ndipo liwu lake limazima msanga. Kuti liwu litalike, woimba amayenera kumenya nsambo imodzimodziyo motsika ndi mokwera mofulumira kwambiri mpaka khutu limve ngati liwu limodzi lonjenjemera, chimene Ataliyana amati tremolo. Pa liwiro limenelo, chokhwachira chikangokhala ndi chilema pang'ono chimakodwa. N'chifukwa chake oimba mandolini amakhala pansi ndi tupa ndi sandipepa kukonza kanthu kamene oimba gitala ambiri amangokagula n'kukataya.

Poyamba ankagwiritsa ntchito nthenga za mbalame zikuluzikulu, monga nthiwatiwa, zosongoledwa ngati cholembera. Nsambo zachitsulo zolimba zitabwera m'zaka za m'ma 1800, nthenga inachepa mphamvu, ndipo malo ake anatengedwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja zamchere. Chigobachi chinali cholimba, chosalala, ndipo sichinkaterera m'zala zathukuta. Koma anthu ankachifunanso popanga zipeso ndi mafelemu a magalasi, mpaka kamba uja anatsala pang'ono kutha. Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973, linadzaletsa malonda ake pakati pa mayiko. Nthawiyo n'kuti pulasitiki atalowa kale: kampani ya D'Andrea ku New York inayamba kudula zokhwachira za seluloyidi mu 1922, ndipo kapangidwe kake kotchedwa 351, kooneka ngati dontho la madzi, ndi kamene timakapeza m'masitolo a zoimbira ku Limbe ndi ku Lilongwe mpaka lero. Mu 1981 kampani ya Jim Dunlop inatulutsa Tortex, pulasitiki wofuna kutsanzira chigoba chija. Masiku ano ku America kuli zokhwachira za BlueChip zogulidwa madola oposa 30 chimodzi, ndipo oimba otchuka ngati Chris Thile anazigwiritsapo ntchito. Mtengo umenewu ndi wokwera kwambiri. Sindikuutchula kuti tisirire. Ndikuutchula chifukwa ngakhale amene amalipira ndalama zoterozi, chimene akugula kwenikweni ndi zinthu zimene dzanja la munthu wa ku Nkhulambe lingathe kupanga: kuuma koyenera, nsonga yoyenera, ndi mphepete yosalala.

Tiyambe ndi kuuma, chifukwa ndi pamene ambiri timalakwira. Chokhwachira chopyapyala chikakumana ndi nsambo yokungika, chimene chimayamba kupindika ndi chokhwachiracho, osati nsambo. Mphamvu ya dzanja imathera m'kupinda pulasitiki, liwu limatuluka mochedwa pang'ono, ndipo chimene chimamveka kwambiri ndi phaphapha wa pulasitiki pa waya. Woimba amaona ngati banjo yake ilibe mawu, ndiye amawonjezera mphamvu, mkono n'kutopa nyimbo isanafike pakati. Chouma sichigonja. Chimakankha nsambo, nsamboyo n'kukankha kamtengo kamene yatsamirapo, kamtengo n'kugwedeza chikopa. Pamenepo ndiye pamachokera mawu.

Pali lamulo limodzi la chilengedwe limene woimba aliyense ayenera kulidziwa. Kuuma kwa chinthu chafulati sikukula mofanana ndi kuchindikala kwake, kumathamanga kwambiri. Mukachindikalitsa kawiri, chimauma kasanu ndi katatu. Ndiye kusiyana kumene diso silikuona bwino, zala ndi khutu zimakumva. Zokhwachira zopyapyala za gitala zimakhala pafupifupi theka la milimita. Oimba mandolini ambiri ku America amafuna za milimita imodzi kufika imodzi ndi theka, ena mpaka ziwiri. Kuti tiyerekeze ndi zimene tili nazo m'thumba: khadi la kubanki, kapena khadi lija timathyolamo simu ya foni, kuchindikala kwake ndi mamilimita 0.76, ndipo chimbale cha CD ndi 1.2. Amene ali ndi zinthu ziwirizi ali ndi muyezo, ngakhale alibe chipangizo choyezera.

Koma kuchindikala pakokha sikunena zonse, chifukwa mapulasitiki ndi osiyana ngati mitengo. Wa chigubu cha mafuta ophikira ndi wofewa, wooneka ngati wopakidwa phula. Ngakhale atachindikala amapindika, ndipo nsambo ya waya imamudya msanga, m'mphepete n'kumera ndevu zimene zimakola. Ubwino wake ndi woti sathyoka ndipo munthu samva kuwawa kumutaya. Wa beseni kapena ndowa ndi wolimbirako, koma ngati chiwiyacho chakhalitsa padzuwa amakhala atafumbwa mkati, ndipo amangoti thyo pakati pa nyimbo. Khadi la simu limadulika bwino ndi sizasi ndipo limakwanira pa gitala yongoperekeza nyimbo za kwaya, koma ndi lomatidwa magawomagawo, choncho likatha limayamba kusendeka. CD ili ndi kuuma kwabwino kwambiri pa banjo, vuto lake imang'aluka podula. Kuiviika kaye m'madzi otentha kumathandiza. Paipi yamadzi ya pulasitiki, ikadulidwa n'kuwongoledwa ndi kutentha, imapereka chokhwachira cholimba chokhalitsa.

Chimene ine ndimachikonda kuposa zonsezi ndi nyanga ya ng'ombe. Nyanga, chikhadabo cha munthu ndi chigoba cha kamba uja n'zopangidwa ndi chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake nyanga imagwirika bwino m'zala ndi kutsetsereka pa nsambo mwa njira imene pulasitiki wamba safikapo. Tikutaya nyanga kumalo ophera ng'ombe tsiku lililonse la msika, pamene kunja anthu akugula zokhwachira za nyanga ya njati ya ku Asia. Ntchito yake ndi yofuna mtima: kucheka kachidutswa, kukafewetsa m'madzi owira, kukapanikiza pakati pa matabwa awiri mpaka kazizire kali kowongoka, kenako kupala. Chilema chake n'choti nthawi ya dzinja, chinyezi chikachuluka monga chimachitira m'munsi mwa phiri, nyanga imafuna kubwerera ku kupindika kwake kwakale. Fupa ndi louma kwambiri, limalira mokweza ndi mokanda. Nsungwi imapezeka paliponse koma imatha msanga pa waya. Ku India oimba sarod amagwiritsa ntchito chigoba cha kokonati, ndipo palibe chotiletsa kuyesa. Za ndalama yachitsulo ndinenepo mosabisa: Brian May wa gulu la Queen amadziwika kuti amaimba gitala ndi kandalama kakale ka ku Britain, koma iye ali ndi nsambo zosinthira. Chitsulo pa chitsulo chimadya nsambo, ndipo mnyamata amene nsambo yake ikaduka ayenera kukapempha waya kwa okonza njinga asachite nawo zimenezo.

Chenjezo limodzi kwa amene wagula cha m'sitolo n'kufuna kuchiwongola pamoto: seluloyidi amayaka ngati wathiridwa parafini. Asayandikize ku koloboyi kapena ku mbaula.

Nsonga ndiyo imasankha mtundu wa liwu. Yosongoka imasiya nsambo mwadzidzidzi, ndipo liwu limatuluka lowala, lakuthwa, lomveka patali. Yobulungira imatsetsereka pang'onopang'ono, liwu n'kukhala lonenepa, lofatsa, koma losaboola phokoso. Apa ngakhale oimba mandolini sagwirizana. David Grisman wa ku America amadziwika ndi chokhwachira chochindikala cha makona atatu obulungira, ndipo ambiri omutsatira amatembenuza cha gitala n'kumaimbira paphewa pake m'malo mwa pansonga. Silvio Ranieri, Mtaliyana amene anaphunzitsa mandolini ku Brussels kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ankagwiritsa ntchito chachitali, chowonda, chosongoka. Onse awiri ndi akatswiri. Ankangofuna mawu osiyana chifukwa nyimbo zawo zinali zosiyana.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna kuima nthawi, chifukwa pali msampha. Munthu akayamba kuonera oimba akunja pa foni, amatengera osati luso lawo lokha komanso khutu lawo. Amayamba kukhulupirira kuti liwu labwino ndi losalala see, lopanda kukanda kulikonse, ndipo kuti khwekhwe wa chokhwachira pa nsambo ndi litsiro loyenera kuchotsedwa. Makolo athu sankamva choncho. Pa bangwe amakhomerapo zitsekerero za mabotolo mwadala kuti zizichita phokoso. Pa sansi amaikapo timikanda kapena tizitsulo tonjenjemera. Pa zikho za ulimba ku Chigwa cha Shire amaboola kabowo n'kumatapo nembanemba ya kangaude kuti liwu lizituluka ndi nthetemya. Kwa ife phokoso laling'onolo ndi mchere wa nyimbo. Banjo yathu inabadwira m'khutu limeneli. Itafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene asilikali a King's African Rifles ndi anthu obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankabwera ndi zoimbira ndi nyimbo zatsopano, anthu anayamba kudzipangira zawo, ndipo anazipanga kuti zizilira pabwalo, pakati pa ng'oma, zisekese ndi mapazi a ovina.

Mverani Alan Namoko, Mlomwe wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Banjo yake imathwanima pamwamba pa ng'oma zopanga okha, ndipo kumenya kwa dzanja lamanja kumamveka ngati ng'oma inanso. Mutachotsa kukhwacha kumeneko n'kuikapo liwu lonenepa la Grisman, nyimbo ingagwe mphwayi. Choncho woimba wa ku Nkhulambe amene akuimba paukwati, pamsika kapena pamasewera a mpira, kopanda magetsi ndi zokuzira mawu, asachite manyazi ndi nsonga yosongoka. Ndiyo imufikitse kwa munthu amene waima kumapeto kwa bwalo. Yobulungira ili ndi malo ake: usiku pakhonde, kapena pojambula nyimbo ndi foni, pamene kachipangizo komvera mawu kali pafupi ndipo kamakuza kukanda kulikonse.

Tisaiwalenso kuti si nyimbo zathu zonse zimafuna chokhwachira. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anayamba kumujambula pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967, poimba gitala yekha ankatola nsambo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, mawu aakulu ndi aang'ono n'kumayankhana. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amamenya nsambo imodzi ya babatoni wake ndi kamtengo, dzanja linalo litagwira botolo. Aliyense anapeza chokhudzira nsambo chogwirizana ndi chimene ankafuna kunena. Abale athu enieni pankhaniyi ali kummwera kwa Madagascar, kumene anyamata amadzipangira choimbira cha bokosi chimene amachitcha mandoliny, nsambo zake za waya wa buleki kapena ulusi wowedzera nsomba, mofanana ndi ife.

Nsambozo nazo zimalamula. Ulusi wa nayiloni wowedzera, umene ena amaika pa banjo, ndi wofewa, ndipo chokhwachira chouma kwambiri chimaugonjetsa, liwu n'kumveka ngati latsamwa. Pamenepo cha khadi chikwanira. Waya wa buleki ndi nkhani ina. Popeza unasomoledwa ku chingwe chopotedwa, umasunga timapindi ting'onoting'ono, ndipo ukayamba dzimbiri umakhala ngati tupa. Umafuna chouma, ndipo umachidyabe. Kupukuta nsambo ndi kansalu mukatha kuimba kumatalikitsa moyo wa zonse ziwiri.

Tsopano mphepete, chinsinsi chimene oimba mandolini anatiposa nacho. Chokhwachira chongodulidwa ndi mpeni kapena sizasi chimakhala ndi mphepete yoima ngati khoma, ya makona awiri akuthwa. Potsika kona imodzi imakola nsambo, pokwera inayo imakolanso, ndipo woimba akafuna kuthamanga dzanja limapunthwa. Tengani chokhwachira chimene munthu waimbira miyezi ingapo muchiyang'ane padzuwa. Muona kuti nsambo yachisema yokha: mbali imodzi ya nsonga yapendekera kuno, mbali inayo yapendekera uko, chifukwa palibe amene amagunda nsambo chokhwachira chitagona bwinobwino, aliyense amachipendeketsa pang'ono. Akale oimba ndi chigoba cha kamba ankadikira kuti chithe chokha motero, ndipo chikafika pamenepo sankabwereketsa. Amisiri a lero amasema kupendekerako chisanagulitsidwe, ndipo amafunsa ngati wogula ndi wamanja kapena wamanzere, chifukwa mbali zake zimasinthana.

Ife tingachite zomwezo ndi zimene zili pakhomo. Dulani chachikulupo kuposa chimene mukufuna, chifukwa kuchotsa n'kotheka koma kubwezera ayi. Makona atatu ofanana ndi abwino kuposa dontho la madzi: zala zimapeza pogwira pokwanira, ndipo muli ndi nsonga zitatu, imodzi mungaisiye yosongoka, ina yobunthirako, ina yobulungira. Konzani maonekedwe ake pamwala wonolera mipeni kapena pasimenti ya khonde. Kenako imbani nacho nyimbo ziwiri zitatu mwamphamvu, muyang'ane pamene nsambo yayamba kukanda. Zipserazo ndizo zikukuuzani mbali yoti mupendeketse, ndipo zikunena za dzanja lanu, osati la wina. Palani pamenepo pang'onopang'ono ndi tupa yosalala kapena sandipepa wa kalipentala, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, n'kuyesanso pa nsambo. Ambiri amawononga pofuna kumaliza kamodzi.

Kusalaza ndi kumene kumatenga nthawi, ndipo ndi kumene anthu amadumpha. Mphepete yopalidwa koma yosasalazidwa imalira ngati munthu akukoka nsungwi pamchenga. Chokani pa sandipepa wokhakhala kupita pa wosalala, kenako phulusa lonyowa pakansalu kapena mankhwala otsukira mano, pomaliza kupukuta mwamphamvu pa lamba wachikopa kapena pa thalauzi la jinzi. Muyeso wake ndi chikhadabo: chiyendetseni m'mphepete monse, chikakodwa penapake ndiye kuti nsambo idzakodwanso pomwepo.

Chotsala ndi pogwira. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa m'chigwa cha Phalombe kumachititsa zala thukuta, ndipo pulasitiki wosalala amayamba kuzungulira kapena kupulumuka. Woimba poopa kugwetsa amafinya, ndipo kufinya kumaumitsa dzanja lonse mpaka pachigongono. Liwiro limathera pomwepo. Mankhwala ake ndi osavuta: kuboola timabowo titatu kapena tinayi pakati ndi msomali wotentha kuti khungu la zala ziwiri lizikhudzana, kapena kukanda mizere yopingasa ndi mpeni, kapena kumata kachidutswa ka mphira wa chubu cha njinga. Chokhwachira chogwirika bwino chimalola kuti muchigwire mofewa, ndipo chouma chogwiridwa mofewa chimatha kunong'ona ndi kufuula komwe, pamene chopyapyala chili ndi liwu limodzi lokha. Nsonga yotuluka kunja kwa zala ikhale yochepa, ngati njere ya nandolo. Ndipo musanaweruze chokhwachira chilichonse, yesani kumenyera malo osiyana: pafupi ndi kamtengo kotsamira nsambo liwu limauma n'kuthwa, chakukhosi limafewa.

Vuto lomaliza n'loti woimba samva banjo yake mmene ena amaimvera. Khutu lake lili pamwamba pa choimbira, pafupi ndi phokoso la chokhwachira, pamene mawu enieni akupita kutsogolo. Choncho mukasema zitatu kapena zinayi, tengani mnzanu wa khutu labwino mupite naye pabwalo la sukulu madzulo ana ataweruka. Aime kutali, kumene amaima anthu obwera mochedwa ku gule, akufulatireni. Imbani chidutswa chimodzimodzi ndi chilichonse, osamuuza chimene mwagwira, ndipo ngati pali woimba ng'oma abwere nayo aziimba nanu. Chimene mnzanuyo wasankha chikhoza kukhala chimene inu mumachiona chokanda kwambiri. Mukagwirizana, chigonekeni kuseri kwa banjo, mujambule mozungulira ndi nsonga ya msomali, mulembenso pambali pake chimene munachidulako, kaya ndi nyanga, paipi kapena CD. Tsiku limene chidzagwere mumchenga usiku wa chinkhoswe, mudzasema china mawa lake potsata chizindikirocho.